Mphotho ya galu pomuphunzitsa: nsima, usipa kapena chiwindi?

Galu yemweyo amene amakhala pansi mukangoti "khala" muli awiriwiri pakhonde, mukatuluka naye kumsewu amachita ngati makutu wasiya kunyumba. Ambiri amafulumira kunena kuti ndi wamwano kapena ndi mbuli. Kawirikawiri vuto limakhala malipiro. Pakhonde, kambamu ka nsima yozizira kalibe chopikisana nacho. Kumsewu kuli mbuzi, kuli fungo la galu wamkazi amene wadutsa m'mawa, kuli ana othamanga ndi utsi wa kanyenya wochokera pachiwaya. Nsima singagule chidwi cha galu pamalo otere, monga mmene waganyu sangavomere kukumba chitsime pa mtengo wosesera pabwalo.

Choncho kachakudya kophunzitsira galu tikaone ngati malipiro a ntchito. Ntchito yopepuka ili ndi mtengo wake, yovuta ilinso ndi wake, ndipo wodula mtengowo ndi galuyo, osati inu kapena zolembedwa papaketi.

Kakhale kotani

Galu amabwereza chimene chamubweretsera zabwino, koma amalumikiza mphothoyo ndi chimene amachita pa nthawi yomweyo. Mpata wake ndi sekondi imodzi kapena awiri. Akakhala pansi inu n'kuyamba kupisa m'thumba, kumasula jumbo, kunyema chidutswa, pofika pomupatsa amakhala waimirira kale, ndipo mwamulipira chifukwa choimirira. Pafupifupi zonse zokhudza kasankhidwe ka mphotho zimachokera pa nkhani ya liwiroyi.

Kakhale kakang'ono. Galu wa msinkhu wa agalu athu a m'midzi, wolemera makilogalamu 12 mpaka 20, amukwanira kachidutswa kofanana ndi njere ya chimanga. Galu wamkulu ngati Boerboel kapena German Shepherd, kofanana ndi nyemba. Kamwana ka galu, theka la njere ya chimanga. Zimaoneka ngati umbombo, koma galu amawerenga maulendo amene walandira kuposa kukula kwa chimene walandira. Tizidutswa tisanu toperekedwa kamodzikamodzi timamusangalatsa kuposa nthuli imodzi yolemera chimodzimodzi. Pophunzitsa chinthu chatsopano mumafunika kulipira ka 10 mpaka ka 15 pa mphindi imodzi, ndiye ndi zidutswa zikuluzikulu galu akhuta phunziro lisanapite patali.

Kakhale kofewa, koti angomeza. Bisiketi youma ya agalu imamutengera masekondi angapo kutafuna, kenaka amawerama n'kuyamba kusaka nyenyeswa pansi, chidwi chonse chapita kudothi. Zouma zoterezi ndi zabwino kumupatsa phunziro likatha.

Kakhale ndi fungo. Pa lilime galu ali ndi timalo tomvera kukoma pafupifupi 1,700 pomwe munthu ali nato pafupifupi 9,000, koma pa mphuno amatisiya kutali kwambiri. Iye amagula ndi mphuno. N'chifukwa chake chiwindi ndi usipa zimapambana nyama yoyera ya pachidali cha nkhuku, ndipo nyama yofunda pang'ono imapambana yongochoka mufiriji.

Kasamate m'manja ndiponso kasaphwanyike m'thumba. Chiponde galu amachikonda, koma kuchipereka ndi zala ka 30 n'kudzivutitsa. Chimagwira bwino ntchito mukachipaka pasupuni yamtengo kuti anyambite pamene mukumusambitsa, kumuchotsa nkhupakupa kapena kumudula zikhadabo.

Mpata wa masekondi awiri uja mutha kuutalikitsa ndi liwu lachizindikiro. Sankhani liwu lalifupi limene simulitchulatchula pocheza naye, monga "eya!" Litchuleni, mupatseni kachidutswa, dikirani pang'ono, bwerezani, ka 15 kapena ka 20, kwa masiku awiri kapena atatu. Akayamba kutembenuka msanga akangomva liwulo, ndiye kuti wadziwa kuti likutanthauza malipiro. Kuyambira pamenepo mumanena "eya!" pa nthawi yeniyeni imene matako agunda pansi, chakudya n'kutsatira pambuyo. Ena amagwiritsa ntchito kachipangizo kolira kotchedwa clicker, ntchito yake ndi yomweyo. Lamulo lake ndi limodzi: mukatchula liwulo, lipirani, ngakhale mutalitchula molakwitsa.

Mufunseni galuyo

Pali agalu amene amalavula karoti, pali ena amene amamulirira. Njira yodziwira n'kumuyesa. Tengani zakudya zinayi, mwachitsanzo chiwindi chophika, usipa, dzira lowiritsa ndi chakudya chake cha masiku onse, muzidule mofanana kukula. Yesani patapita maola atatu kapena anayi chidyereni. Ikani ziwiri pa timbale tiwiri totalikirana mita imodzi, mnzanu agwire galu pa mtunda wa mamita awiri. Mununkhizitseni chilichonse kaye, kenaka mumusiye, muone chimene athamangire poyamba. Zakudya zinayi zimapanga mapeyala asanu ndi limodzi, ndipo peyala iliyonse muiyese kawiri mutasinthanitsa mbali, chifukwa agalu ena amangokonda kupita kumanja kapena kumanzere posatengera chimene chili kumeneko. Bwerezani tsiku lina, poti chakudya chachilendo chimatha kupambana tsiku loyamba chifukwa cha uchilendo wake chabe.

Zotsatira zake zikupatsani makwerero. Pansi pamakhala chakudya cha masiku onse, kambamu ka nsima, mbatata yowiritsa kapena karoti. Izi n'zolipira zimene galu akuzidziwa kale, m'nyumba kapena kumpanda kopanda zosokoneza. Pakati pamakhala dzira, nyama ya nkhuku, nthutumba, mtima wa ng'ombe. Izi n'zophunzitsira zatsopano. Pamwamba nthawi zambiri pamakhala chiwindi, usipa kapena tchizi, ndipo izi n'zosungira ntchito zovuta: kubwera akaitanidwa pamene akuthamangitsa nkhuku, kudutsa galu mnzake osauwa, kudekha pa tsiku la katemera wa chiwewe.

Kulakwitsa kofala n'kulipira chilichonse ndi chiwindi. Pakatha sabata ziwiri chiwindi chimasanduka chawamba, ndipo pa tsiku lovuta mulibenso china chokwera kuposa apo. Kwina n'kuyamba phunziro ndi chokoma kwambiri, chikatha n'kutsikira ku nsima. Mu 1942 katswiri wina wa ku America, Leo Crespi, anaonetsa kuti makoswe amene anazolowera mphotho yaikulu, itachepetsedwa, ankathamanga mwaulesi kuposa anzawo amene ankalandira yochepayo kuyambira pachiyambi. Galu nayenso amatero: amanunkhiza nsimayo, kukuyang'anani, n'kuchoka. Yambani ndi zotsika muzikwera, kapena sakanizani zonse m'thumba limodzi kuti asadziwe chimene chituluke. Kusakanizaku kuli ndi phindu lina, chifukwa chakudya chouma chikagona mufiriji m'chitini chimodzi ndi chiwindi chimatenga fungo lake, mtengo wake n'kukwera.

Zochuluka bwanji

Muyezo umene madokotala a ziweto amapereka ndi wakuti zakudya zapadera zisapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu imene galu amadya pa tsiku. Galu wamkulu wofulidwa wa makilogalamu 15 amafuna makalori (muyezo wa mphamvu ya m'chakudya) pafupifupi 850 pa tsiku, ndiye mphotho zake zisapitirire makalori 85. Wa makilogalamu 5 malire ake ndi pafupifupi 35 mpaka 40, wa makilogalamu 30 ndi pafupifupi 140.

Makalori 85 ndi chiyani m'mbale? Ndi magalamu 50 a nyama ya nkhuku yowiritsa yopanda khungu, kapena dzira limodzi ndi kachidutswa, kapena magalamu 20 okha a tchizi, kapena supuni imodzi yaikulu ya chiponde, kapena magalamu 100 a mbatata yowiritsa. Magalamu 50 a nkhukuwo mukawadula bwino amatuluka tizidutswa 80 mpaka 100, tokwanira maphunziro awiri kapena atatu a mphindi zitatu. Tchizi mukaona pamenepa ndi wodula kawiri, m'sitolo ndi m'thupi la galu.

Ngati mukuphunzitsa kwambiri, pimani chakudya chake cha tsiku lonse m'mawa, mupatule gawo lina kuti alidye kudzera m'phunziro, lotsalalo lipite m'mbale. Kamwana ka galu kangathe kudya ngakhale theka la chakudya chake kuchokera m'manja mwanu, ndipo kamaphunzira msanga motero. Sabata iliyonse yendetsani zala m'nthiti mwake. Nthiti zizimveka mosavuta koma zisamaoneke zonse patali, ndipo mukamuyang'ana kuchokera pamwamba chiuno chizioneka. Zikayamba kusowa, chepetsani cha m'mbale.

Kumumana chakudya tsiku lonse kuti "amve njala aphunzire" n'kudzipweteka nokha. Galu wanjala kwambiri amalumphira dzanja, amaluma zala, maganizo onse ali pa chakudyacho moti samva chimene mukunena. Chofunika n'kuphunzitsa nthawi ya chakudya itayandikira, osati atangokhuta kumene.

Kukonza kwake

Chiwindi cha ng'ombe, mbuzi kapena nkhuku chiwiritseni m'madzi opanda mchere, opanda anyezi, kwa mphindi 15 mpaka 20, kufikira mkati musakhalenso mofiira. Chikazizira chiduleni timabokosi ting'onoting'ono. Kuti chisanyenyeke m'thumba, yanikani tizidutswato pa chiwaya chouma pamoto wochepa wa mbaula, kapena mu uvuni wosatentha kwambiri kwa ola limodzi, kuti kunja kuume mkati mukhale mofewa. Msuzi wotsalawo musataye, nyowetserani chakudya chake chouma. Malire a chiwindi ndi ofunika: galu wa makilogalamu 15 asapitirire magalamu 15 kapena 20 pa tsiku. Chikachuluka amatsekula m'mimba tsiku lomwelo, ndipo chikachuluka kwa miyezi, vitamini A wambiri amene ali m'chiwindi amawononga mafupa ndi mfundo. Mtima ndi nthutumba zilibe vuto limeneli, zimadulika bwino, ndipo n'zotsika mtengo, choncho pa ntchito ya tsiku ndi tsiku ife timaziika patsogolo pa chiwindi.

Zam'kati zaziwisi musamupatse. Chiwindi ndi mapapo a mbuzi, nkhosa kapena ng'ombe nthawi zina zimakhala ndi timatumba tamadzi ta njoka yam'mimba yotchedwa Echinococcus. Galu akadya zosaphika njokayo imakulira m'matumbo mwake, mazira ake amatuluka ndi chimbudzi, ndipo amatha kufika kwa anthu a pakhomo, makamaka ana, n'kukapanga zotupa m'chiwindi kapena m'mapapo. Kuphika kumapha zonsezi, pamodzi ndi tizilombo totsekula m'mimba.

Usipa, kapenta ndi bonya zili ndi ubwino woti n'zodulidwa kale, sizifuna firiji, ndipo fungo lake limafika patali. Sankhani wouma padzuwa wopanda mchere. Ngati ndi wamchere kapena wamchenga, muviikeni m'madzi kwa mphindi 10, tsukani, muumitsenso pachiwaya. Usipa mmodzi amanyemeka pawiri kapena patatu. Nsomba zikuluzikulu zouma monga chambo kapena mlamba zili ndi minga yolimba, ndiye pokhapokha mutasankhula mnofu wokhawokha, zisiyeni.

Dzira liphwanyeni, likazingeni lopyapyala popanda mafuta kapena ndi kadontho chabe, likazizira mulidule. Lowiritsa limavuta chifukwa chikasu chake chimanyenyeka.

Nyama yophika imakhala mufiriji masiku atatu kapena anayi. Yambiri igaweni m'timapaketi ta tsiku limodzilimodzi muiumitse ndi chisanu. Kunja kwa firiji isapitirire maola awiri, ndipo pa kutentha kwa mu Okutobala ola limodzi lakwana. Amene alibe firiji adalire usipa, mazira ndi mbatata yophika tsiku lomwelo. Kachikwama konyamulira mphotho kazichapidwa, chifukwa mafuta otsalira m'makona amavunda.

Soseji ndi polony agalu amazikonda, koma zili ndi mchere ndi mafuta ambiri, ndipo zambiri amathiramo ufa wa anyezi kapena adyo. Ngati palibiretu china, kachidutswa kochepa kodulidwa timatinthu ting'onoting'ono pa tsiku lapadera sikangamuphe, koma zisakhale za masiku onse. Zogula m'sitolo za agalu werengani papaketi: choyamba kutchulidwa chikhale nyama, ndipo ngati n'zazikulu muzidule.

Zosayenera kulowa m'thumba la mphotho

Anyezi ndi adyo, zaziwisi kapena zophika, zimaswa maselo ofiira a magazi. Anyezi wolemera magalamu 75, yemwe ndi mmodzi wamng'ono, ndi wokwanira kudwalitsa galu wa makilogalamu 15, ndipo wochepa wodyedwa tsiku ndi tsiku amaunjikana. Zizindikiro zimabwera patapita masiku: kufooka, nkhama zoyera, mkodzo wakuda. Ichi ndicho chifukwa chake nyama yotsala mu ndiwo za pakhomo si mphotho yabwino.

Chokoleti chili ndi poizoni wotchedwa theobromine amene thupi la galu limachedwa kumuchotsa, ndipo chakuda kwambiri ndicho choopsa kwambiri. Mphesa, zaziwisi kapena zouma za m'makeke, zimatha kupha impso, ndipo palibe mlingo umene tinganene kuti ndi wotetezeka. Mtedza wa makadamiya, umene umalimidwa ku Thyolo ndi madera ena, umafooketsa miyendo yakumbuyo, kusanzitsa ndi kunjenjemeretsa pasanathe maola 12. Xylitol, chotsekemeretsa cha m'chingamu chopanda shuga, m'mankhwala ena otsukira mano ndi m'chiponde china cha m'mabotolo, chimagwetsa shuga wa m'magazi pasanathe ola limodzi ndipo chimawononga chiwindi. Werengani pabotolo musanamupatse chiponde chogula.

Mtedza wamba si poizoni, koma wachuku ndi woopsa. Chuku cha mtedza ndi chimanga chimapanga aflatoxin, ndipo agalu sapirira poizoni ameneyu. Chizolowezi chosankha mtedza wabwino n'kuponyera galu wofota ndi wowola chisiyeni, chimodzimodzi gaga kapena ufa wonunkha chinyontho.

Mafupa ophika, makamaka a nkhuku, amasweka mosongoka n'kubaya matumbo. Chitsononkho cha chimanga, njere ya mango ndi ya peyala zimatseka matumbo ndipo nthawi zambiri zimafuna opaleshoni. Mafuta a nkhumba, khungu lokazinga ndi zotsala za pachiwaya zimatha kutupitsa kapamba, matenda opweteka amene amayamba ndi kusanza ndi kupinda msana. Mkaka umatsekula m'mimba agalu ambiri akuluakulu. Chakudya chilichonse chatsopano, ngakhale chabwino, yambani ndi tizidutswa tiwiri kapena titatu, muone chimbudzi chake mawa lake.

Nyambo si mphotho

Pali dandaulo lodziwika: "amangomvera akaona chakudya." Limabwera chifukwa chosasiyanitsa nyambo ndi mphotho. Nyambo imaoneka ntchito isanachitike, mphotho imatuluka ntchito itachitika. Pophunzitsa "khala" mumayamba ndi nyambo ndithu: kachidutswa pamphuno pake, mukukakweza pang'onopang'ono kulowera kumbuyo kwa mutu, mutu ukadzuka matako amatsika, "eya!", mwamupatsa. Koma mukachita zimenezi kasanu kapena kakhumi, chotsani chakudya m'dzanjalo. Yendetsani dzanja lopanda kanthu mofananamo, akakhala nenani "eya!", mphotho ichokere m'thumba ndi dzanja linalo. Mukachedwa kuchotsa nyambo, galu amaphunzira kuti lamulo ndi chakudyacho, mawu anu ndi phokoso chabe.

Samalaninso zizindikiro zimene mumapereka osadziwa. Dzanja lokhala m'thumba nthawi zonse, kulira kwa jumbo, kachikwama kamene mumavala pophunzitsa pokha, zonsezi galu amaziwerenga. Bisani timbale ta mphotho pamalo angapo, pawindo, pamwamba pa kabati, kuti malipiro azitha kutuluka ngakhale mukuoneka kuti mulibe kanthu.

Pamene mumaperekera pamaphunzitsanso. Ngati mukufuna agone, ikani kachidutswako pansi pakati pa miyendo yake yakutsogolo, chifukwa mukakapereka m'mwamba adzuka. Ngati mukufuna aziyenda pambali panu osakoka chingwe, perekerani pafupi ndi bondo lanu la mbali imeneyo. Galu wolumphira anthu muponyereni pansi. Wotsomphola mwaukali mupatseni pachikhatho chotambasula, kapena fumbatani mpaka asiye kukanda ndi mano, mutsegule akangodekha. Ana aang'ono aziponya pansi, asamapereke ndi zala.

Akamachita bwino kasanu ndi katatu kapena kasanu ndi kanayi mwa maulendo khumi, pamalo osiyanasiyana, yambani kudumphitsa: kulipira ulendo wachiwiri, kenaka wachitatu, kenaka woyamba, mosadziwika bwino, mukusankha maulendo amene wachita mwachangu. Mukasintha malo kapena zosokoneza zikachuluka, bwererani kolipira ulendo uliwonse. Lamulo la "bwera" lokha musalidumphitse kwambiri. Akasiya chimene amathamangitsa n'kubwera, mupatseni tizidutswa tisanu kapena khumi totsatizana ta chokoma kwambiri chija, ndipo musamukalipire ngakhale atachedwa, chifukwa adzalumikiza kukalipako ndi kubwera.

M'malo mwa chakudya, pang'onopang'ono muzilipira ndi zimene akuzifuna pa nthawiyo. Akufuna kutuluka pageti: akhale kaye, geti litseguke. Akufuna kununkhiza pachitsamba: akuyang'aneni kaye, mumumasule. Agalu ena mpira kapena chingwe chokokerana amachiika pamwamba pa chiwindi. Kumusisita pamutu, kumene anthu timakuyesa mphotho, agalu ambiri amangokupirira. Muoneni bwino: akabweza mutu kapena kunyambita mphuno, simunamulipire.

Eni agalu olondera amafunsa ngati kuphunzitsa ndi chakudya sikungapangitse galu kulandira nyama ya akuba. Galu aliyense, wophunzitsidwa ndi wosaphunzitsidwa, amatola nyama imene yagwa mumpanda, ndipo wanjala ndiye amafulumira. Kuphunzitsa "siya" kumathandiza inu mukakhalapo: kachakudya kotsika pansi mutakaphimba ndi phazi, akabweza mphuno nenani "eya!", mulipire ndi chokwera kuchokera m'thumba, chapansicho asachidye. Koma musadalire kuti usiku ali yekha adzakumbukira. Chomuteteza kwenikweni n'kumudyetsa madzulo mokwanira ndi kuyendera mumpanda m'mawa.

Akakana

Galu amene amadya chiwindi kunyumba koma kumsewu n'kuchikana, sikuti chaipa. Mantha kapena kutengeka kwambiri kumatseka chilakolako cha chakudya. Muli pafupi kwambiri ndi chimene chikumusokonezacho. Bwererani m'mbuyo mamita 10 kapena 20 mpaka pamene ayambirenso kudya, muphunzitsire pamenepo, muziyandikira pang'onopang'ono pa masiku angapo. Chizindikiro choyamba chimabwera asanakane: galu amene amatenga mofatsa akayamba kutsomphola mpaka mano kukhudza zala, ndiye kuti wayamba kupanikizika.

Kutentha nakonso kumachotsa njala. Galu amene akupuma wefuwefu lilime lili panja amafuna madzi ndi mthunzi, ndiye phunzitsani m'mawa kapena dzuwa litapendeka, madzi ali pafupi, makamaka ngati mphotho ndi usipa. Kamwana ka miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi kamakhala kakugulula mano, nkhama zimawawa, kapatseni zofewa zokhazokha. Koma galu akakana chimene amachikonda ali kunyumba kopanda chosokoneza, n'kupitirira tsiku lathunthu, kapena akusanza, kufooka, kutuluka dovu kapena nkhama zayera, siyani zophunzitsa mupite naye kwa dokotala wa ziweto. Kamwana ka galu musakadikirire tsiku lathunthu, chifukwa kamatha madzi m'thupi m'maola ochepa.